Dzulo Zinkayenda, Lero Zakana: Apudeti ndi Mapulagini

Lero tikambirane za vuto limene limadwalitsa mutu anthu ambiri ogwiritsa ntchito kompyuta, chikhalirecho ambiri sadziwa kumene limachokera. Madzulo zonse zimayenda bwino. Pozimitsa, kompyuta yalemba kuti ikupanga apudeti, musaichotse kumagetsi. M'mawa mwayatsa, pulogalamu yatseguka bwinobwino, mwinanso ikuoneka yokongola kuposa kale, koma kachida kamene mumadalira tsiku ndi tsiku kasowa. Kapena kalipo ndithu, koma mukakadina sikayankha.

Kachida kameneka ndi pulagini, ena amati ekisitenshoni. Ndi kapulogalamu kakang'ono kamene sikaima pakokha. Kamalowa m'pulogalamu yaikulu n'kuiwonjezera luso limene eni ake sanaikemo. Wojambula nyimbo mu situdiyo ali ndi mapulagini osalaza mawu a woimba, ochotsa phokoso, oliza ng'oma. Woyang'anira webusaiti ya sukulu ali ndi pulagini ya fomu yolembetsera ophunzira. Wina pa bulawuza yake waika yotsekereza zotsatsa malonda. Mfundo yoti tiigwiritsitse ndi iyi: amene analemba pulogalamu yaikulu ndi wina, amene analemba pulagini ndi winanso, ndipo kawirikawiri anthu awiriwa sanaonanepo n'komwe.

Taganizani za njinga ya kabaza. Njingayo inapangidwa kufakitale, koma mpando wakumbuyo uja, wa siponji, wokhala ndi pogwira ndi popondera, anaupanga ndi mmisiri wowotcherera wa pamsika. Mmisiriyo anayeza felemu, anaona pamene pali zibowo za mabawuti, n'kupanga mpando wolingana ndi zibowozo. Tsiku limene fakitale idzasunthe zibowo zija, ngakhale pang'ono pokha, mpando wabwinobwino uja sudzalowanso. Njinga ilibe vuto, mpando nawo ulibe vuto. Pasokonekera ndi pokumanira.

Pa kompyuta pokumanirapo amapatcha API. Ndi mndandanda wa malonjezo amene pulogalamu yaikulu imapereka kwa olemba mapulagini: ukandifunsa mwakuti, ndikuyankha mwakuti. Apudeti ikasintha malonjezowo, pulagini imafunsabe mwachikale ndipo sipeza woiyankha. Nthawi zina wolakwa amakhala wolemba pulaginiyo, amene anasiya khomo lovomerezeka n'kudzera pena pamene anaona kuti ndi pachidule, pamene eni pulogalamu sanalonjeze kuti padzakhala pomwepo mpaka kalekale. Ndipo nthawi zina chimasintha ndi maziko enieni a kompyutayo, moti onse awiri amangodzidzimukira limodzi.

Chitsanzo chimene ine ndimachiona kuti chili ndi phunziro lalikulu ndi cha Firefox, bulawuza ya bungwe la Mozilla la ku America. Kwa zaka zambiri Firefox inatchuka chifukwa cha mapulagini ake. Inkawalola kulowa mpaka m'kati mwenimweni, kusintha maonekedwe, kusintha kagwiridwe ka ntchito, chilichonse. Ufulu umenewu unali ndi mtengo wake. Akatswiri a Mozilla akafuna kukonza kanthu m'kati, mapulagini ambirimbiri ankasweka. Bulawuza inkachedwa, ndipo pulagini yoipa mtima inkatha kufika paliponse pamene ikufuna. M'mwezi wa Ogasiti 2015 Mozilla inalengeza kuti isiya njira yakaleyo n'kutenga yatsopano yotchedwa WebExtensions, yofanana kwambiri ndi ya bulawuza ya Chrome. Pa 14 Novembala 2017 inatulutsa Firefox 57, imene inaipatsa dzina lakuti Quantum, ndipo tsiku limenelo mapulagini onse a njira yakale anasiya kugwira ntchito.

Ena anabwerera msanga. NoScript, yotsekereza timapulogalamu tokayikitsa ta pa mawebusaiti, inatuluka yatsopano patangopita masiku ochepa. DownThemAll, imene anthu a netiweki yofooka ankaikonda chifukwa inkapitiriza kukopera fayilo pamene yadukira, inatenga pafupifupi zaka ziwiri, mpaka 2019. Classic Theme Restorer, imene inkabwezera Firefox maonekedwe ake akale, inathera pomwepo, chifukwa njira yatsopano inalibe khomo lochitira zimene iyo inkachita.

Kodi Mozilla inalakwa? Ine ndikuti ayi, kwakukulukulu. Inachenjeza kutatsala zaka ziwiri, inasiyira maofesi mtundu wakale wotchedwa Firefox 52 ESR mpaka m'chaka cha 2018, ndipo bulawuza yatsopanoyo inali yachangu ndithu. Koma pali chinthu chimene sichitchulidwa mokwanira. Ntchito yolembanso mapulagini onsewo inagwera anthu amene ambiri a iwo sankalandira ngakhale tambala. Munthu analemba pulagini yake usiku ataweruka kuntchito, anaipereka kwaulere kwa dziko lonse, kenako akuuzidwa kuti ayambirenso pa tsamba loyera pofika tsiku lakuti. Amene anali ndi mphamvu anayambiranso. Amene anali atatopa, kapena atapeza banja ndi maudindo ena, anangosiya. Ndiye mukamva wina akunyoza kuti wolemba pulagini ndi waulesi sakukonza, mufunseni kuti anamulipirapo zingati.

Firefox yomweyo inaonetsanso kuti pulagini itha kufa popanda aliyense kusintha kalikonse. Kumayambiriro kwa Meyi 2019 satifiketi imene Mozilla inkatsimikizira nayo kuti mapulagini ndi ovomerezeka inatha masiku ake, anthu ake asanaikonzenso. M'maola ochepa mapulagini a anthu padziko lonse anazima, mpaka pamene bungweli linatulutsa apudeti yamwadzidzidzi.

Nkhani ya Chrome ndiyo imandivuta kwambiri, chifukwa apa funso lakuti akupindula ndani silingapewedwe. Mu 2018 kampani ya Google inalengeza malamulo atsopano a mapulagini a Chrome, otchedwa Manifest V3. Pa malamulo akale, pulagini yotsekereza zotsatsa malonda inkaona chilichonse chimene tsamba likufuna kukoka pa intaneti, n'kugamula yokha pomwepo kuti ichi chidutse, ichi chisadutse. Pa malamulo atsopano, pulaginiyo imapereka mndandanda wa zoletsedwa kwa Chrome pasadakhale, mndandandawo uli ndi malire, ndipo wogamula ndi Chrome. Pulagini yotchuka ya uBlock Origin, imene amailemba Raymond Hill mongodzipereka, sinathe kukwanira m'malamulo amenewa ndi mphamvu zake zonse. Kuyambira mu 2024 Chrome inayamba kuzimitsa mapulagini a malamulo akale, ndipo mu 2025 inamaliza. Hill anapanga ina yopepukirapo, uBlock Origin Lite, yoti izigwira pa Chrome. Yathunthu ija ikugwirabe pa Firefox, chifukwa Mozilla inasunga khomo lakale lija.

Google imati cholinga chake ndi chitetezo, ndipo tisanamizane, mfundo ali nayo. Pulagini imene imaona zonse zimene mukuchita pa intaneti ithanso kuona mawu anu achinsinsi a kubanki. Panali pulagini ina yotchedwa The Great Suspender, imene inkathandiza kuti kompyuta isalemedwe mukatsegula masamba ambiri. Anthu oposa mamiliyoni awiri ankaigwiritsa ntchito. Mu 2020 mwini wake anaigulitsa kwa munthu wosadziwika, mwini watsopanoyo anaikamo zinthu zokayikitsa kudzera mu apudeti, ndipo mu Febuluwale 2021 Google inaichotsa. Zoopsa zoterezi zilipodi. Komabe kampani imene yachepetsa mphamvu za zotsekereza malonda ndi yomweyo imene ndalama zake zambiri zimachokera ku kutsatsa malonda. Bungwe loteteza ufulu wa anthu pa intaneti la Electronic Frontier Foundation linadzudzula kusinthaku poyera. Ine sindinganene kuti chitetezo chinali chonamizira chabe, koma ndinganene kuti woweruza amene ali ndi gawo pa mlandu sayenera kudabwa anthu akamakayikira chigamulo chake.

Ndipo kwa ife kuno nkhaniyi imafika m'thumba. Kanema wotsatsa malonda amene amangoyamba yekha pa tsamba la nyuzi amadya bandulo imene mwagula ndi ndalama yanu. Kwa munthu wa ku London amene amalipira intaneti yopanda malire pamwezi, kanemayo ndi chosokoneza chabe. Kwa wophunzira wa ku Zomba amene wagula bandulo ya tsiku limodzi kuti akopere zowerenga, ndi ndalama yotayika. Anthu amene amagamula za apudeti sakhala m'chipinda chimodzi ndi wophunzira ameneyu.

Koma tisamangoloza chala makampani akuluakulu. Nthawi zina chenjezo limaperekedwa mokwanira, wogona ndiye amakhala wogwiritsa ntchito. Mukukumbukira Flash, pulagini ya kampani ya Adobe imene kale inkayendetsa makanema, masewera ndi mafomu pa intaneti? Inali yodzadza ndi mipata yolowera akuba. Mu Julayi 2017 Adobe inalengeza kuti idzaisiya kumapeto kwa 2020. Tsikulo linafika, 31 Disembala 2020, ndipo pa 12 Januwale 2021 Flash inakaniratu kutsegula chilichonse. Ku South Africa, bungwe lotolera misonkho la SARS linali lisanamalize kusamutsa mafomu ake ena a pa intaneti. Anthu ofuna kulemba za msonkho anapeza mafomu osatseguka, ndipo bungwelo linachita kutulutsa bulawuza yakeyake yokhala ndi Flash m'kati kuti ntchito ipitirire. Abale athu amene amachita mabizinesi ku Johannesburg ndi ku Durban mwina akuikumbukira nthawi imeneyo. Zaka zitatu ndi miyezi ingapo za chenjezo zinadutsa. Pamenepo Adobe ilibe mlandu.

Tibwere kufupi ndi kwathu. Mawebusaiti ambiri a masukulu, mipingo, mabungwe ndi mabizinesi ang'onoang'ono amamangidwa pa WordPress, imene imayendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lonse. Mphamvu yake ndi mapulagini, ndipo aulere okha amaposa 50,000. Webusaiti imodzi itha kukhala ndi mapulagini khumi kapena makumi awiri, aliyense wolembedwa ndi munthu wina, m'dziko lina. Mu Ogasiti 2020 WordPress 5.5 inachotsa kachida kotchedwa jQuery Migrate, kamene kwa zaka kankathandiza mapulagini olembedwa mwachikale kuti azigwirabe ntchito. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti amatsamira pa kachidako. Katangochotsedwa, mabatani anasiya kudinika, zithunzi zinasiya kusinthana, ena analephera ngakhale kulemba nkhani yatsopano. Eni WordPress anatulutsa pulagini yapadera yobwezera kachidako kwa kanthawi kuti anthu apeze mpata wokonza.

Chimene chimachitika kwathu kuno ndi ichi. Bungwe limapeza mnyamata kapena mtsikana waluso, limamulipira kamodzi, amamanga webusaiti yokongola, bwana amaitsegulira pa mwambo, basi. Palibe amene amaika mu bajeti ndalama yoisamalira. Pakapita chaka, mlembi wa muofesi amalowamo kuti aike chilengezo, amaona tizizindikiro tofiira tambirimbiri tonena kuti pali maapudeti, amadina kuti onse apangidwe nthawi imodzi. Tsamba limayera mbee, kapena limangolemba mzere umodzi wakuti pachitika vuto lalikulu. Amene anamanga uja anasintha nambala ya foni. Mawu achinsinsi a ku seva palibe akuwadziwa. Mlandu umagwera mlembi, pamene vuto linayamba tsiku limene bungwe linaganiza kuti webusaiti ndi chinthu chogula kamodzi.

Mu situdiyo za nyimbo ndi za wailesi, kumene enafe timapezera nsima, nkhaniyi imapweteka mwa mtundu wina. Pulodyusa amatsegula nyimbo imene anajambula chaka chatha chifukwa woimba wapeza ndalama yoti amalizitse. Pulogalamu imatseguka, mizere ya mawu yonse ilipo, koma pakatikati patuluka kabokosi kakuti pulagini yakuti sikupezeka. Akadina kuti imveke, mawu a woimba aja ali gwa, opanda kusalala kuja, ndipo pamene pankalira limba pali zii. Zimene anatchera usiku wonse, kukweza apa, kutsitsa apo, zinali m'kati mwa pulagini imene kompyuta yatsopano sikuidziwa. Izi si zongopeka. Pulogalamu ya Cubase inasiya kulandira mapulagini akale a 32-bit pamene inatulutsa Cubase 9 mu 2016. Apple inasiyiratu mapulogalamu onse a 32-bit pa macOS Catalina mu Okutobala 2019, ndipo makampani ambiri opanga zida za nyimbo anachenjeza makasitomala awo kuti ayambe adikira asanapange apudeti imeneyo. Patangopita chaka, mu Novembala 2020, Apple inasinthanso purosesa ya makompyuta ake n'kubweretsa M1, ndipo olemba mapulagini anayambanso ulendo wina wokonza.

Apa ndilankhule mosabisa ndi anzanga a m'masitudiyo. Mapulagini ambiri amene timapatsana pa fulashi ndi obedwa. Ndikudziwa chifukwa chake. Mitengo yake ili m'madola, ndipo kupeza madolawo ndi nkhani ina. Koma pulagini yobedwa silandira apudeti kuchokera kwa mwini wake. Kompyuta ikasintha, iyo imatsalira pamene inali, ndipo palibe kumene mungakadandaule. Masiku ano pali mapulagini aulere abwino ndithu, ndipo amene amabwera ndi pulogalamu yanu amakonzedwa limodzi ndi pulogalamuyo. Nyimbo imene mukufuna idzatsegukebe zaka zisanu zikubwerazi imangeni pa amenewo. Ndipo mukamaliza ntchito, mzere uliwonse wa mawu utulutseni pawokha ngati fayilo ya WAV, zokometsera zake zili momwemo, n'kuisunga padera. Fayilo yoteroyo sifunsa pulagini.

Tsopano wina anena kuti, ngati zili choncho, bwanji ndingotseka maapudeti onse, ndikhale ndi zimene zikundigwirira ntchito? Ndikumva, ndipo kwa kompyuta ya mu situdiyo imene silumikizidwa ku intaneti, nzeru imeneyi ili ndi malo ake. Koma kwa kompyuta imene imalowa pa intaneti, ndi kudziika pa ngozi. Mu Malichi 2017 Microsoft inatulutsa apudeti yotseka mpata wina woopsa mu Windows. Mu Meyi chaka chomwecho vairasi ya WannaCry inadzera pa mpata womwewo n'kugwira makompyuta m'maiko pafupifupi 150, n'kutseka mafayilo a anthu kuti alipire dipo. Ku England zipatala za boma zinabweza odwala zikwizikwi amene anali ndi masiku oonana ndi dokotala. Makompyuta amene anagwidwa ndi amene anali asanapange apudeti ija, patatha miyezi iwiri ilipo. Pa WordPress naponso, mipata yambiri imene akuba amalowera imapezeka m'mapulagini, makamaka amene anasiyidwa osakonzedwa. Pulagini yakale imene ikugwirabe ntchito si ndiye kuti ndi yotetezeka.

Ndiye funso si lakuti tipange apudeti kapena ayi. Funso ndi lakuti liti, ndiponso titakonzeka motani. Maapudeti sali ofanana. Mapulogalamu ambiri amalemba mtundu wawo ndi manambala olekanitsidwa ndi timadontho. Ikasintha nambala yakumapeto, kawirikawiri ndi kukonza zolakwika ndi kutseka mipata ya akuba, imeneyo musaichedwetse. Ikasintha nambala yoyambirira, kapena dzina lenileni la Windows kapena macOS, dziwani kuti zibowo za mabawuti zitha kukhala zasuntha. Imeneyo siyopanga usiku woti mawa muli ndi ntchito yopereka. Yambani mwaona pa tsamba la pulagini iliyonse imene simungagwire ntchito popanda iyo, ngati mwini wake wanena kuti ikugwirizana ndi mtundu watsopanowo, ndiponso kuti anaikonza komaliza liti. Pulagini imene yakhala zaka ziwiri kapena zitatu osakhudzidwa, yambani kuifunira ina lero, isanakusiyeni pa njira. Sungani kope la zonse musanadine batani, ndipo kopelo mulitsegule muone kuti lilidi ndi zinthu m'kati. Pa webusaiti, pangani apudeti pulagini imodziimodzi, mukuyang'ana tsamba pakati pake. Ikasokoneza, mudziwa kuti ndi iti. Ndipo mapulagini amene simukuwagwiritsa ntchito achotseni, chifukwa pulagini iliyonse yowonjezera ndi pokumanira penanso pamene pangasweke.

Ngakhale makampani odziwika amalakwitsa pa nkhani ya dongosoloyi. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya chitetezo ya CrowdStrike inatumiza apudeti yolakwika ya pulogalamu yake imene imakhala m'kati mwenimweni mwa Windows. Makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anakana kuyaka bwino, ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Apa chowonjezera ndicho chinagwetsa mwini nyumba. Apudetiyo inapita kwa onse nthawi imodzi, m'malo moyamba ndi ochepa n'kuona zotsatira zake.

Kwa eni mapulogalamu akuluakulu, chimene ndikuona kuti n'choyenera n'chosavuta kunena. Ngati munaitana anthu kuti amange pa pulogalamu yanu, ndipo pulogalamuyo inatchuka chifukwa cha thukuta lawo, muli ndi ngongole kwa iwo: chenjezo la nthawi yokwanira, khomo latsopano lochita zimene lakale linkachita, ndi chilungamo pa chifukwa chenicheni chimene mukusinthira. Mozilla inakwanitsa choyamba ndi chachitatu, inaperewera pa chachiwiri. Google inapereka zaka zambiri za chenjezo, koma pa ziwiri zinazo anthu ambiri sanakhutire, ndipo ine ndili m'gulu lawo.

Koma makampani amenewo sakumvetsera wailesi ino. Amene mukumvetsera ndi inu, a hedimasitala, abusa, oyang'anira mabungwe, eni masitudiyo ndi eni mashopu. Mawa mukafika ku ofesi, funsani kuti webusaiti yanu ili ndi mapulagini angati, akuwayang'anira ndani, mawu achinsinsi ali ndi ndani, ndipo kope lomaliza linasungidwa liti. Funsaninso kuti makompyuta anu akuyendera Windows iti, chifukwa Microsoft inasiya kupereka maapudeti a masiku onse a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo kusamukira ku yatsopano kudzakhudza pulinta, sikana ndi mapulogalamu a akaunti amene mumadalira. Ngati palibe amene angayankhe mafunso amenewa, itanani katswiri, mugwirizane naye zosamalira mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama yake muiike mu bajeti ya chaka chino.